Tadala, Udye Nawo Kaye Usanasaine

Chinamwali, Zomba

Wokondedwa mwana wanga Tadala,

Ndikhulupirira kuti muli bwino nonse ku Leeds, iwe, bambo ake a Dalitso ndi kamdzukulu kangako. Kuno tili bwino, kupatula bondo la abambo ako lomwe limayamba kudandaula mitambo ikangokuta phiri. Mvula yagwa kawiri yamphamvu ndipo munda wakumtunda tabzala kale.

Ndasankha kulemba pa pepala chifukwa pa foni ine ndi iwe sitimaliza nkhani. Iwe umakhala ukuvala nsapato kuthamangira shifiti, ine netiweki imandithawa pamene ndafika pa mfundo. Mng'ono wako ajambula masambawa n'kukutumizira pa WhatsApp. Uwerenge utakhala pansi, osati m'basi.

Lamlungu lija unandiuza kuti mwatopa ndi nyumba ya lendi, ndipo mukufuna kulowa m'malo aja amati cohousing, kumene banja lililonse lili ndi nyumba yakeyake koma pakati pali nyumba ya onse yophikiramo ndi kudyeramo pamodzi, dimba la onse, makina ochapira a onse, magalimoto n'kumaimikidwa kumphepete kuti ana azisewera pabwalo momasuka. Zonsezo ndinamva ndipo zinandikomera. Chimene chandisowetsa tulo ndi mawu ako omaliza aja, akuti, "Amayi, ndi ngati kumudzi basi."

Ndiyambe ndi kunena kuti sindikukuletsa. Miyezi isanu ndi umodzi imene ndinakhala nanu Dalitso atabadwa ndinaona ndekha mmene mukukhalira. Ukumbukira agogo aamuna aja a khomo loyandikana nanu, amene tinkangokwezerana dzanja pa windo? Ambulansi inawatenga usiku, ife tinadziwa kuti anamwalira patapita masabata, titaona chikwangwani chogulitsa nyumba. Khoma limodzi, maliro osawamva. Tsiku limenelo sindinadye bwino. Choncho munthu akandiuza kuti kumeneko kuli anthu amene atopa ndi moyo wotere ndipo akumanga malo oti azidziwana, ine ndimawalemekeza. Malo a cohousing amene tinakaona aja tsiku lawo lolandira alendo, ana akuthamanga pa kanjira kopanda galimoto, mphika waukulu uli pamoto, ndinawakonda kuposa mmene ndinakuuzira.

Zimene unanditumizira ndawerenga zonse, ndi zinanso zimene mng'ono wako anandipezera pa intaneti. Mphunzitsi amapuma pa ntchito, koma kuwerenga sapuma. Ndinaseka ndekha nditafika pa chiyambi cha nkhaniyi. Ku Denmark, mu 1967, mayi wina wolemba nkhani dzina lake Bodil Graae analemba m'nyuzipepala kuti ana ayenera kukhala ndi makolo 100, anthu n'kudzidzimuka ngati wavumbula chinthu chachilendo. Agogo ako osadziwa kulemba ndi dzina lomwe ankati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Koma nditapitiriza kuwerenga kuseka kunatha. Katswiri wojambula mapulani a nyumba, Jan Gudmand-Høyer, anasonkhanitsa anzake mu 1964, anapeza malo ku Hareskov kufupi ndi Copenhagen, anthu oyandikana nawo n'kukana, zonse n'kugwa. Mudzi woyamba, Sættedammen, wa mabanja 27, unadzatheka mu 1972. Zaka zisanu ndi zitatu akukhalirana pansi, kufunafuna malo, kulemba malamulo, kuti apeze chinthu chimene ife timangobadwiramo. Apa m'pamene pali kusiyana kumene ndikufuna ukuone.

Kwathu ku Dedza palibe amene analemba kalata yopempha kulowa m'mudzi. Unabadwira m'mbumba, basi ndiwe wa pamenepo. Ukayambana ndi azakhali ako, pali amalume ako, mwini mbumba, woti akukhazikeni pansi. Zikakanika pali anyakwawa ndi bwalo lawo. Zikakanikabe, maliro amabwera n'kukukhazikani pa mphasa imodzi, mukulira munthu mmodzi, mkangano n'kuzizira wokha. Chimene chimagwira mudzi wathu ndi magazi ndi manda. Kumene ukufuna kupitako kulibe amalume, kulibe nyakwawa, ndipo anthuwo manda awo ali kosiyanasiyana. Chimene chimawagwira ndi mapepala, misonkhano ndi ndandanda wa ntchito. Ukalowa ndi mtima woti wapeza kumudzi, udzakhumudwa mwezi wachitatu usanathe. Ukalowa ukudziwa kuti walowa m'pangano, ukhoza kukhala bwino kwambiri, mwina kuposa mmene ena amakhalira kumudzi kwenikweniko, kumenenso kuli kaduka kake ndi miseche yake imene inu a kunja mumaiwala msanga.

Chofanana nacho kwambiri pa moyo wanga si mudzi ayi, koma mdadada umene tinkakhala ku Ndirande ine ndi abambo ako titangokwatirana, iwe usanabadwe. Makomo asanu ndi atatu, mpopi umodzi, bafa imodzi, chimbudzi chimodzi. Tinkakondana ndithu. Mchere, moto, kuyang'anirana ana, zonse zinkayenda. Chinatigawa ndi bilu ya madzi. Poyamba tinkagawana pa khomo pa khomo. Kenako banja lina linalandira abale asanu ochokera kumudzi, mayi wina n'kuyamba kuchapira anthu zovala kuti apeze ndalama, bilu n'kukwera. Mbeta ya khomo lakumapeto, imene inkasamba kamodzi n'kupita kuntchito tsiku lonse, inati siingalipire mofanana ndi khomo la anthu khumi. Inkanena zoona. Enawo anati mlendo sawerengedwa. Nawonso ankanena zoona monga mwa mwambo. Tinatha miyezi anthu osapatsana moni pa mpopi, mpaka madzi anadulidwa. Panalibe munthu woipa pa mdadada uja. Chinasowa ndi pangano lomwe tikanagwirizana mitima ili pansi, vuto lisanafike. Pambuyo pake ndakhala msungichuma wa banki m'khonde zaka zambiri, ndipo magulu amene ndawaona akukhalitsa ndi amene malamulo awo ali m'kope, ndi chindapusa cha wochedwa cholembedwa. Amene amati "ife timangokhulupirirana" sagawana kawiri. Ndiye ukaona anthu a cohousing akukupatsa mulu wa mapepala, usanene kuti azungu ndi ouma mtima. Mapepalawo ndiwo amalume awo. Awerenge onse.

Tsopano za kapezedwe. Pa mndandanda wa UK Cohousing Network umene unandionetsa pali magulu a mitundu iwiri: amene anamanga kale ndipo akukhalamo, ndi amene akadali kukumana m'maholo kufunafuna malo ndi ndalama. Ndinamva m'mawu ako kuti mtima wako wapita kwa achiwiriwa, chifukwa akuti mudzasankha nokha mapulani ndipo mudzakhala eni ake kuyambira pa maziko. Taona zaka. LILAC ya ku Bramley konko ku Leeds, anayamba kukambirana cha mu 2006, analowa m'nyumba mu 2013. Amayi achikulire a New Ground ku High Barnet, kumpoto kwa London, anadikira zaka 18 kuti alowe m'mafulati awo 25 mu 2016, ndipo ena amene anayamba nawo sanafike tsikulo. Amenewa ndi magulu amene zinawayendera. Amene anatha panjira, ndalama za mapulani ndi maloya zitapita kale, sitiwamva. Dalitso ali ndi zaka zitatu. Chimene ukufunacho, bwalo losewerapo ndi anzake a pakhomo, akuchifuna panopa, osati akadzayamba kumera ndevu. Ine ndikanakhala iwe ndikanayang'ana kumene kuli kale anthu.

Vuto lake n'lakuti malo amenewa ndi aang'ono ndipo anthu satulukamo kawirikawiri. LILAC ili ndi nyumba 20 zokha. Forgebank ya ku Halton pafupi ndi Lancaster, m'mbali mwa mtsinje wa Lune, ili ndi 41. Marmalade Lane ya ku Cambridge ili ndi 42. Ndiye kulembetsa dzina n'kukhala chete kudikira foni sikuthandiza. Nyumba ikapezeka, amayamba kuganizira munthu amene nkhope yake akuidziwa, amene anabwerapo kudzalima nawo dimba ndi kudzadya nawo. Ndipo ngati pali wina wa m'gulumo amene akuchititsa lendi nyumba yake kwa chaka, imeneyo ndiyo njira yabwino koposa, chifukwa mulawa musanagule. Za Lancaster ndi Cambridge ndangotchula, sindikuona mukusamukira kumeneko pamene ntchito yako ndi viza yako zamangidwa pa chipatala cha ku Leeds. Ngakhale konko ku Leeds, ukwere basi kuchokera pamalopo kupita kuchipatala nthawi imene umapitira ku shifiti ya m'mawa, m'nyengo yozizira kukadali mdima, uone ngati ungapirire zaka.

Tsiku lolandira alendo lili ngati tsiku la chinkhoswe: pabwalo pasesedwa, aliyense wavala kumwetulira, amalume oledzera awabisa kuseri. Usaweruze ndi tsiku limenelo. Upemphe kubwera tsiku wamba pakati pa sabata, kukugwa mvula, udye nawo chakudya chawo cha pamodzi, ndipo mukatha kudya usathamangire chikhoti. Ulowe kukhitchini ukatsuke nawo mbale. Kukhitchini n'kumene mudzi uliwonse umaululira zinsinsi zake. Uona amene amatsuka ndi amene amasowa mbale zikangosonkhanitsidwa. Umva dzina limene likatchulidwa anthu amayang'anana. Ubwerenso kachiwiri ndi kachitatu. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Kenako upemphe kukhala nawo pa msonkhano wawo ngati mlendo womvetsera. Magulu ambiri otere savota mokweza manja kuti ochuluka apambane. Amakambirana mpaka pasakhale wotsutsa mwamphamvu, ndipo munthu mmodzi akhoza kuimitsa chinthu ngati akuona kuti chipweteka gulu. Pa pepala n'zokoma, ndipo si zachilendo kwa ife, pabwalo la mfumu nkhani inkayendanso choncho mpaka dzuwa kupendeka. Kusiyana kwake n'kwakuti pabwalo pamapeto mfumu imamanga mfundo, anthu n'kuwomba m'manja n'kubalalika. Kumeneko palibe womanga. Nkhani ya amphaka, kaya aloledwe kuyendayenda kapena ayi poti amagwira mbalame, ikhoza kudya misonkhano itatu. Iwe ndimakudziwa, unatengera abambo ako: nkhani ikazungulira kawiri umayamba kugwedeza mwendo, kachitatu umanena mawu amene umadzapepesa mawa. Udzifunse moona ngati ungakhale maola awiri utachoka ku shifiti ya maola 12, kumvetsera za mtundu wa penti. Walira mvula walira matope. Pa msonkhanopo uyang'ane amene amalankhula kwambiri. Ngati ndi atatu okha, omwe anayambitsa gululo, ena onse akungoyang'ana pansi, dziwa kuti mfumu ilipo, kungoti sanaiveke chisoti, ndipo mfumu yosavekedwa ndi yovuta kuposa yovekedwa chifukwa sungaidandaule kulikonse.

Mafunso awiri usaiwale. Uwafunse kuti mkangano waukulu womaliza unali wa chiyani ndipo unatha bwanji. Akayamba kuseka n'kukufotokozera, ndi anthu abwino kukhala nawo. Akati iwo sakangana, tenga chikwama chako. Ndipo uwapemphe kuti akulumikize ndi munthu amene anakhalamo n'kuchoka. Sikuti zonse zimene anganene zikhala zoona, wochoka amakhala ndi chilonda chake, koma mmene gulu lilandirire pempho limenelo zikuuza zambiri.

Ntchito ya manja sindikuda nayo nkhawa. Kuphikira anthu 30 kapena 40 kumaopsa iwowo, osati mwana amene wavundula nsima ya pa maliro ndi mthiko wautali ngati iye mwini. Nkhawa yanga ili kwina. Uli ndi dzanja lopatsa ndipo sudziwa kukana. Ndiwenso namwino. Pa mudzi wa anthu 50, ena okalamba, akangodziwa kuti khomo lachitatu kuli namwino, kugogoda sikudzatha: mwana watentha thupi, agogo agwa kubafa, tandionereni chotupa ichi. Udzapezeka ukugwira shifiti yachiwiri yopanda malipiro, pa nthawi imene umayenera kugona utachoka ku naiti. Kuthandiza pa ngozi ndi umunthu, palibe angakuletse. Koma unene poyera kuyambira tsiku loyamba kuti pakhomo ndiwe mnansi, wodwala apite kwa dokotala wake. Chiphaso chako cha unamwino ndicho munda wa banja lonse, mpaka ife kuno tikudya momwemo. Ufunsenso kuti maola a ntchito za gulu ndi angati pa mwezi, ndipo amatani ndi munthu amene ndandanda wake wa kuntchito umasintha sabata ndi sabata. Ngati misonkhano yonse ili madzulo a tsiku limodzi, ndipo wosabwera amaonedwa ngati waulesi, gulu limenelo linapangidwira anthu a m'maofesi ndi opuma pa ntchito.

Za chakudya ndingonena mwachidule. Magulu ena pa chakudya cha pamodzi saphika nyama, ena ngakhale mkaka ndi mazira. M'nyumba mwanu mudya zimene mukufuna, koma uwachenjeze bambo ake a Dalitso asadakaone okha mbale ya nyemba ndi masamba n'kuyamba kufunafuna ndiwo pansi pake. Ndipo tsiku lina ukazinge usipa mawindo ali otsegula, uone nkhope za anansi.

Pali nkhani ina imene pa foni tonse timaizemba. Pamalo tinakaona paja, anthu akuda tinali ife tokha. Anatilandira bwino, sindinganame. Koma kulandiridwa bwino ngati mlendo ndi kwina, kukhala mwini mudzi ndi kwina. Pali chikondi china chotopetsa, chimene munthu amakuika patsogolo pa chithunzi chilichonse ndi kukufunsa za Africa yense ngati ndiwe kazembe, koma ukatsutsa mfundo pa msonkhano nkhope n'kusintha. Uyang'ane mmene ana awo akusewerera ndi Dalitso akuluakulu asakuona. Ndinawerenga za Chapeltown Cohousing, konko ku Leeds, m'dera limene mwakhala anthu ochokera ku Caribbean ndi maiko ena kwa zaka zambiri, kumene kumachitika carnival ija munanditengera. Iwo anaikapo mtima kuti okhalamo afanane ndi anthu a m'deralo, asakhale a mtundu umodzi ndi thumba limodzi. Upiteko ukaone ndi maso ako, usangomvera ine wa ku Chinamwali.

Tifike pa ndalama, pamene msungichuma wakale sangakhale chete. Malo amenewa sayenda mofanana. Kwina mumagula nyumba ndi ngongole ya kubanki monga nyumba ina iliyonse, koma nthaka ndi nyumba ya onse zili m'manja mwa kampani imene eni ake ndinu nonse okhalamo, ndipo mwezi ndi mwezi mumasonkha ndalama yosamalira za onsezo. Ndalama imeneyo ufunse kuti ndi zingati, yakwera bwanji zaka zisanu zapitazi, ndipo m'thumba losungira zokonza zikuluzikulu muli zingati. Denga la nyumba ya onse likadontha thumba lili lopanda kanthu, adzagogoda pa khomo lanu. Upemphe maakaunti a chaka chatha. Gulu labwino silibisa kope.

Ku LILAC njira yawo ndi ina, ndipo ndinaiwerenga katatu kuti ndiimvetse. Ngongole ya nyumba zonse ili m'dzina la bungwe lawo, osati la munthu. Banja lililonse limapereka 35 pa mapaundi 100 alionse amene limalandira msonkho utachotsedwa, ndipo ndalamazo zimagula masheya m'bungwemo pang'onopang'ono. Wolandira zambiri amapereka zambiri. Ukamachoka amakubwezera malinga ndi masheya ako, koma mtengo wake umatsata kukwera kwa malipiro a anthu m'dziko, osati kukwera kwa mitengo ya nyumba. Anachita dala kuti nyumbazo zisadzakwere mtengo mpaka anthu wamba kulephera kulowamo. Maganizo amenewo ndi abwino ndipo ine ndimawagomera. Koma udziwe tanthauzo lake kwa iwe: imeneyo si nyumba yodzagulitsa n'kupha makwacha monga amachitira anthu ndi mapuloti a ku Lilongwe. Ngati m'mutu mwa bambo ake a Dalitso muli loto lodzagulitsa nyumba ya ku England n'kudzamanga nyumba za lendi kuno, mukambirane zimenezo panopa, chifukwa maloto awiriwa sagona mphasa imodzi.

Powerengera, muike pa pepala ndalama imene mumatumiza kuno. A kubanki ndi a gululo sadzakufunsani za fizi ya mng'ono wako, feteleza wathu, mankhwala a abambo ako, kapenanso za kwawo kwa amuna ako. Kwa iwo ndalama imeneyo kulibe, koma m'thumba mwanu imatuluka mwezi uliwonse. Ngati kuti mupeze pokhala pabwino pafunika kuchepetsa za kuno, undiuze poyera ndipo tidzaona pochita. Chimene sindikufuna ndi choti uzidzipanikiza mwakachetechete, kutenga mashifiti owonjezera mpaka kudwala, pofuna kusangalatsa mbali zonse.

Ndipo khomo lotulukira ulidziwe usanalowe. Chilolezo chanu chokhazikika sichinatuluke. Viza yako yamangidwa pa olemba ntchito, ndipo unandiuza wekha kuti ntchito itatha mwadzidzidzi amakupatsa masiku 60 okha kuti upeze ena okulemba. Tsono zitatero, kapena titadwala kuno mpaka mutaganiza zobwerera, ndalama zanu zingatuluke patapita nthawi yaitali bwanji? Wogula mumamupeza nokha, kapena gulu liyenera kumuvomereza? Akachedwa kupezeka, mukhala mukulipirabe? Mungaike munthu wa lendi? Mayankho ake akhale olembedwa, osati a pakamwa pa munthu wokoma mtima amene anakuonetsani dimba. Mupeze loya wanuwanu, osati amene gulu lakulozerani, ndipo akhale woti anagwirapo mapepala a mtundu umenewu. Mayina anu nonse awiri alembedwe, ndipo mulembe wilo. Ukudziwa zimene zinawachitikira azakhali ako aang'ono amuna awo atamwalira, mmene anatsalira ndi mapoto okha. Kumeneko malamulo ndi ena, koma ine phunziro lija sindinaliiwale.

Za Dalitso. Ndikudziwa kuti pansi pa mtima ukuwerengera kuti masiku a naiti padzapezeka womuyang'anira. Mwina adzapezeka, ubwenzi ukakula. Koma usalowe ndi chiyembekezo chimenecho, chifukwa palibe amene analonjeza, ndipo anthu amazindikira msanga munthu amene wabwera kudzatula katundu. Yamba ndiwe kutenga ana a anzako tsiku limene uli pa ofu. Komanso makolo 100 aja ali ndi malire ake kumeneko. Kwathu mwana wa mnzako akalakwa umamudzudzula pomwepo, amake n'kudzakuthokoza. Kumeneko ukakweza mawu pa mwana wa mnansi ukhoza kuyambitsa msonkhano wapadera. Ufunse mmene amachitira. Nawonso adzakhala ndi maganizo pa kaleredwe kako, za nthawi yogona, za kumukalipira, ndipo ena adzakuuza osafunsidwa. Ndipo ngakhale pakhale pa mudzi wokoma chotani, uzidziwa khomo limene mwana walowa ndi amene ali m'katimo. Zimenezi ndinkachita ngakhale kwathu kumene onse anali abale.

Chinthu china chimene iwo sangachiganize pokhapokha utachitchula ndi alendo athu. Chipinda cha alendo chimene amanyadira chija anachikonzera munthu wogona masiku awiri kapena atatu. Mlendo wa ku Malawi amabwera ndi masutikesi awiri n'kukhala miyezi isanu ndi umodzi, ndipo mlendo ameneyo ndine. Ufunse ngati munthu wokhala m'nyumba mwanu nthawi yaitali chotere amawerengedwa pa zosonkha ndi pa ndandanda wa ntchito. Ine kuphika sindikana. Ufunsenso za nyumba ya onse: kodi mungaitaniremo Amalawi 40 pa 6 July, ndi nyimbo zawo ndi kuseka kwawo kosatseka pakamwa? Nanga uthenga wa maliro ukabwera kuchokera kuno, monga udzabwera ndithu tsiku lina, anzanu a kumpingo n'kudzadza m'nyumba usiku wonse akuimba ndi kusonkha ya tikiti, anansi adzati chiyani? Uwafotokozere mwambo umenewu tsopano, pamene palibe amene wamwalira, umve yankho lawo. Ndikuganiza kuti ambiri adzaukonda, poti n'zimene akuzifunafuna okha. Koma umve ndi makutu ako. Ndipo ngakhale mutalowa n'kukondana nawo chotani, Amalawi anzanu ndi a kumpingo musawataye. Anansi atsopanowo adzakubweretsera maluwa ndi supu, zimene ndi zabwino. Odziwa mmene thupi limatumizidwira kumudzi, ndi amene angaimbe nyimbo zimene mtima wako udzafune usiku umenewo, ndi enawo.

Mukadzalowa, chaka choyamba udzakhale ngati mkamwini. Anthu amenewo anakangana kale za malo oimika njinga ndi za makina ochapira iwe usanabwere, ndipo lamulo lililonse looneka lopusa lili ndi mbiri yake. Mkamwini asamakule mwendo. Ugwire ntchito imene wapatsidwa, ufunse chifukwa chake zinthu zili mmene zililimo, maganizo ako okonza zinthu uwasunge kaye m'thumba. Kusiyana kwake ndi mkamwini weniweni n'kwakuti iwe udzakhala utalipira mofanana ndi wina aliyense, ndiye chaka chikatha udzalankhule ngati mwini, usadzakhale wothokoza mpaka kalekale.

Chotsala ndi chimodzi. Pa nkhani yonseyi ndamva mawu ako okha. Apongozi anga, bambo ake a Dalitso, ndi munthu wofatsa, amene akachoka kuntchito amafuna mpando wake, mpira wake ndi chitseko chotseka. Pamene tinapita kukaona malo aja, iwe unkafunsa mafunso, iwo anaima pafupi ndi geti akuyang'ana foni. Mwina ndinaona molakwa. Koma munthu wotere akavomera kuti akusangalatse, amadzakhala mkaidi pa mudzi umene aliyense amadziwa kuti sanabwere ku chakudya cha Lachinayi. Uwafunse pa nthawi yabwino, osati uli kale ndi fomu m'manja, ndipo akayankha mwachidule udikire, mawu awo enieni amabwera mochedwa. Apite okha kamodzi kukadya nawo popanda iwe, akabwere akuuze.

Ukalandira malamulo a gululo ndi mapepala a nyumba, unditumizire ndiwerenge nawo. Chingerezi cha maloya chimandivuta, koma pamene pabisala chindapusa ndimapanunkhiza. Abambo ako akupereka moni, ndipo funso lawo ndi limodzi lokha: pa dimba la onselo munthu angapatsidwe mzere wake woti abzalepo maungu a nkhwani? Ndawauza kuti ndifunsa. Ufa ndi chambo chouma ndapatsira mayi a kumpingo aja amene akunyamuka pa 20, ukawalandire ku Manchester monga mwa nthawi zonse. Umupsompsone Dalitso, ndipo uzimulankhula Chichewa, pa foni paja anandiyankha m'Chingerezi chokhachokha.

Ndine mayi ako,
Nachisale